Phiri la Maburashi ku Birmingham

Linali Loweruka loyamba la Novembala, faifi koloko madzulo, kunja kutada kale monga kumachitira ku England nthawi yachisanu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala ku Lozells, mumzinda wa Birmingham, m'nyumba yopapatiza yolumikizana ndi zinzake uku ndi uku. Ndinamva kiyi pachitseko, kenako chinthu chikukhula khoma. Bambo analowa chammbali atasenza paphewa matabwa awiri ofiira, opyapyala, aatali kuposa iwo eni, opindika kunsonga. Potembenuka kuti atseke chitseko, nsonga ina inagunda babu la m'kolido, linaphulika. Tinaima mumdima tonse atatu, magalasi ali mbwee pansi, jekete la bambo likununkha mvula.

"Awa ndi masikii," anatero bambo, ngati akutidziwitsa alendo.

Mayi sanafunse mtengo, sanafunsenso ntchito yake. Anangoti, "Alowa m'diramu?"

Ndiyambe ndafotokoza za madiramu. Bambo anapita ku England kukaphunzira ku yunivesite, ine ndi mayi tinawatsatira pambuyo. Maphunziro awo ankayenera kutha mwezi wa Juni, ndipo tonse tinkadziwa kuti akangotha tikubwerera kwathu ku Lilongwe. M'chipinda chodyera munali madiramu awiri abuluu apulasitiki, oti adzatsogole pa sitima yapamadzi. Mayi ankagwira ntchito yokolopa m'maofesi m'mamawa, koma chilichonse chabwino chimene ankagula sichinkagwira ntchito m'nyumba ija. Makatani, mbale, mabulangete, simbi yamagetsi, zonse zinkalowa m'diramu zisanachotsedwe n'komwe m'mapepala ake. Ife tinkadyera mbale zobenthuka zimene tinazipeza m'nyumbamo. Kwa mayi, chinthu chosalowa m'diramu sichinali chathu.

Matabwa aja sakanalowa. Ine ndinaona ngati vuto ndi kutalika basi, ndipo ndinapereka nzeru yoti tiwacheke pakati. Palibe anaseka. Lero ndikuona kuti mayi anamva nkhani yonse pomwepo, mumdima muja: munthu amene akupita ku Lilongwe sagula matabwa otsetserekera pa sinowo. Ine sindinamve kanthu. Ndinapita kukatenga tsache.

Mayi tawaika m'manda chaka chino, mvula ikutha. Bambo anatsogola kale, malume nawonso. Palibe wotsala woti ndimufunse ngati ndikukumbukira bwino. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingolemba monga ndinaonera.

Matabwa atalowa, zina zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Kunabwera majombo apulasitiki olimba ngati ndowa, okhala ndi zomangira zachitsulo zolira kuti kha, kha. Bambo ankawavala m'nyumba kuti mapazi azolowere, n'kumakwera masitepe ngati munthu womangidwa pulasitala miyendo yonse, mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma. Kunabwera ndodo ziwiri zokhala ndi timikombero kumunsi, magolovesi onenepa, ndi magalasi aakulu achikasu omangira kumutu ndi lamba. Chomaliza chinali jekete lofiira, la mizere yobiriwira m'mikono. Bambo anga anali munthu wa zovala zakuda ndi zotuwa. Pa mapemphero a Amalawi ndiwo ankawerenga Mawu, ndipo ana a anthu ena ankasiya phokoso iwo akangokhosomola. Kuwaona m'jekete lija kunali ngati kuona abusa atavala za gule.

Ankapita kokatsetsereka Lachitatu akaweruka, ndi Loweruka m'mawa. Ankati anzawo a ku yunivesite ndiwo anawatengera kumeneko. Mayi ankasuzumira pawindo, n'kuona msewu wakuda wonyowa, madenga onyowa, basi ikudutsa.

"Sinowo ali kuti? Phiri lili kuti?" Ankafunsa choncho akutsuka mbale, osati kwa ine, koma ine ndinalipo ndekha.

Anaganiza chimene mkazi aliyense akanaganiza. Mwamuna wagula jekete lowala, akuchoka pakhomo kawiri pamlungu, akuti akukatsetsereka pa sinowo pamene sinowoyo sanagwe n'komwe. Loweruka lina anandiveka majuzi awiri, n'kuuza bambo kuti mwana akusowa mpweya, apite nawo. Pondimanga mpango anandinong'oneza kuti, "Uzikaona amene akhala nawo pafupi. Uzikaona amene awagulira tiyi."

Tinakwera basi, bambo atagwira matabwa chilili, anthu akutiyang'ana. Tinatsika kudera la mafakitale, tinadutsa pa mlatho wa ngalande yamadzi akuda, tinatsata mpanda wa njanji. Ndiye ndinaliona. Linali phiri ndithu, koma laling'ono, loti kwathu sitikanalipatsa dzina. Bambo anati linapangidwa ndi zinyalala za njerwa ndi dothi zimene anthu anaunjika kalekale. Kuchokera pamwamba mpaka pansi analiyala chinthu choyera motuwa, chokhala ndi maenje ngati chisa cha njuchi. Nditayandikira ndinagwada n'kuchigwira. Anali maburashi. Maburashi enieni, ngati ija mayi ankakolopera pansi, koma olukanalukana phiri lonse. M'mbali munali timipopi tothira madzi kuti aziterera.

Sindinadziwe choti ndiganize. Mayi anga ankadzuka usiku kukapinda msana ndi burashi imodzi, pamene kuno anthu aakulu anayala maburashi osawerengeka kuti aziwaponda posewera.

Phokoso lake ndimalimvabe. Munthu akamatsika kunkamveka shwaa, shwaa, ngati amayi ambiri akusesa bwalo limodzi. Kunkanunkha pulasitiki yonyowa ndi kandulo. Pambali panali chingwe choyenda chokha, chokhala ndi timbale tolendewera. Munthu ankaika kambale pakati pa miyendo, chingwe n'kumukokera pamwamba ataimirira, nkhope ili phee ngati ali pamzere wa ku banki. Akafika ankatsika, n'kukaimanso pamzere. Tsiku lonse. Sitima ikadutsa, anthu a m'sitima ankayang'ana pawindo monga ndinkayang'anira ine.

Ndipo zovala zawo! Kumsewu wathu azungu ankavala zakuda ndi zabulauni ngati ali pamaliro osatha. Kuno anali apinki, achikasu, obiriwira ngati mapepala a switi. Ena anavala magalasi a dzuwa kumwamba kuli mitambo yokhayokha. Pazipi ya jekete aliyense anali ndi timapepala takale tolendewera, tina tothothoka. Bambo anati ndi matikiti a kumapiri enieni, ku France, ku Austria, ku Scotland, ndipo sawachotsa dala, kuti anzawo aone kumene anafika. Jekete la bambo linalibe ngakhale kamodzi. Ndinaona kuti ankagwiragwira zipi yawo akamalankhula ndi anthu.

Pansi pa phiri panali kanyumba kamatabwa, makoma ake odzaza zithunzi za mapiri oyera. M'menemo ndinapeza chodabwitsa china: bambo wina wadazi akusita matabwa ndi simbi. Ankadontheza phula, n'kumayendetsa simbi pang'onopang'ono, mosamala kuposa mmene mayi ankasitira malaya a Lamlungu. Ena anamuzungulira, makapu m'manja, akukamba za mapiri ngati akukamba za abale awo akumudzi. Lakuti chaka chino ladwala, lilibe sinowo. Lakuti ndi laukali, linathyola mwendo wa uje. Ambiri a iwo ankaona mapiriwo mlungu umodzi wokha pachaka. Miyezi ina yonse ankakhala pa maburashi, akudikira.

Ndinayang'ana mkazi monga mayi ananditumira. Akazi analipo, koma m'zovala zija, ndi zipewa, ndi magalasi, sunkadziwa mkazi ndi uti mpaka atalankhula. Amene anagulira bambo tiyi anali gogo wina wa imvi mbuu, yemwe ankatsika phiri mofulumira kuposa anyamata. Anandigulira inenso chokoleti chotentha, n'kunditsina tsaya.

Kenako ndinaona bambo akutsika. Mphunzitsi wa paphiripo, mzungu wamfupi wa nkhope yofiira ngati njerwa yootcha, ankawakuwira kuti apinde mawondo. Bambo ankabwera miyendo ili tang'a, matako kumbuyo, ndodo zili m'mwamba. Pakati pa phiri matabwa anapingasana, iwo anagwa chagada, n'kutsetsereka ndi msana mpaka pansi. Ndinathamangira komweko. Ndinawapeza atagona pa maburashi onyowa, chipewa chili uko, akuseka. Ankaseka kukamwa kuli yasa, misozi ikutuluka, mpaka ndinaona dzino lawo lakumapeto lomwe linali lobooka. Sindinkadziwa kuti bambo ali ndi dzino lobooka. Sindinkadziwanso kuti ali ndi kuseka kotero. Ndinachita manyazi, ndinayang'ana kumbali, ngati ndawapeza akusamba.

Pali chinthu china chimene ndachizindikira nditakula. Kulikonse kumene bambo ankapita ankafunsidwa funso limodzi. Mwini nyumba, anthu a kutchalitchi, wogulitsa m'sitolo yapakona, makalata ochokera kumudzi, onse ankafuna kudziwa kuti abwerera liti. Paphiri paja palibe anawafunsa zimenezo. Ankangofuna kudziwa za mawondo awo. Sindikunena kuti izi zikuwalungamitsa. Ndikungonena zimene ndinamva ndi zimene sindinamve.

Titafika kunyumba mayi anadikira kuti bambo alowe m'bafa, n'kundikokera kukhitchini. Ndinawauza zonse: maburashi, chingwe, simbi, gogo uja. Ndinati kulibe mkazi aliyense. Ndinati bambo amangogwa n'kumaseka. Ndinkayembekeza kuti akondwa, mwina andipatsa bisiketi.

"Amaseka?"

Ndinati inde, kwambiri.

Mayi anakhala pampando, manja ali pamiyendo, madzi akutayikira m'sinki osawatseka. Ndinawatseka ndine. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndalakwitsa kufotokoza, kuti mwina Chichewa changa chinali chitayamba kuthawa, chifukwa masiku amenewo akandifunsa m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi. Panopa ndikuganiza kuti akanakhala mkazi, mayi akanadziwa chochita. Mkazi ali ndi khomo, umatha kukagogoda. Phiri la maburashi ungakalinene kwa ndani?

Anakalinena kwa malume. Malume anali mchimwene wawo wa mayi, ndiponso nkhoswe ya ukwati wawo. Ankaphunzira za maakaunti, ankakhala ku Hanley. Anabwera pa sitima Loweruka lotsatira atavala suti ndi tayi, chikwama chachikopa m'manja, nkhope ya mlandu. Anamva mbali ya mayi, anamva mbali ya bambo. Kenako anati kwawo ku Hanley nakonso kuli phiri lotero, amaona magetsi ake ali m'basi, koma sanafikepo pafupi. Anati iwo sangaweruze chinthu chimene sanachione ndi maso. Tinanyamuka atatu, mayi anatsala.

Malume anaima pansi pa phiri manja kumbuyo, akupukusa mutu. "Alamu, digiri yonse ija?" Anatero kawiri. Bambo anakwera, anatsika osagwa, n'kuima pafupi nawo matabwa atapingasa, timadzi tikuwazira nsapato za malume. Malume anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana phiri. Mphunzitsi uja anabwera, anawagwira phewa, n'kunena kuti majombo obwereka alipo. Malume anati iwo abwera pa nkhani ya banja. Patapita kanthawi ndinawaona atapisa thalauza la suti m'majombo, tayi ataponya paphewa, chikwama atandisungitsa ine.

Mphunzitsi uja anawauza malume kuti avale magolovesi, ndipo akagwa afumbate manja, chifukwa maenje a maburashi aja amakola zala. Malume anati manja awo ndi a munthu wolima. Ulendo woyamba anatsika pang'ono, anaima, anakuwa kuti, "Alamu, mwaona?" Ulendo wachiwiri anakwera patali. Anagwa chafufumimba, dzanja lili tambasu, chala chachikulu chinalowa m'dzenje, thupi linapitirira. Masana onse tinathera kuchipatala.

Mlandu unakambidwa madzulo ake m'chipinda chodyera, pafupi ndi madiramu, nkhoswe ili ndi pulasitala mpaka m'chigongono. Ine ndinakhala pamasitepe, pomwe ndinkamva zonse. Mayi atawaona anati, "Ndinatuma nkhoswe, kwabwera wodwala." Malume anayesa kuyamba bwino. Anati banja ndi kumvana, anati kumudzi akudikira. Koma posakhalitsa ndinawamva akufunsa bambo motsitsa mawu kuti pokhota munthu amatsamira mwendo uti.

"Ndani wanena kuti sindipita kumudzi?" anatero bambo. "Munthu asasewereko?"

"Kumudziko mukatsetsereka pati?" anatero mayi. "Pachulu?"

Malume anaseka, kenako anabuula chifukwa cha chala. Mlandu unathera pomwepo, wopanda wolakwa. Sindikudziwa ngati unali mlandu woti munthu akanautha. Koma ndikudziwa kuti kuyambira tsiku limenelo mayi anatsala okha mbali yawo, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti pali mbali.

Pa Khirisimasi bambo anabweretsa mapukusi awiri. Langa munali thalauza lonenepa la malamba a m'mapewa ndi magolovesi. La mayi munali chovala chimodzi chathunthu, kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi, chapinki, cha zipi yaitali kutsogolo. Anati anazipeza kwa mayi wina wa paphiri amene anasiya masewerawo. Anati mwezi wa Febuluwale, sukulu zikatsekera mlungu umodzi, gulu lonse likupita ku mapiri a ku Scotland pa minibasi, ndipo iwo atisungira malo tonse atatu. Ankalankhula mofulumira, akuyang'ana pamphasa. Apa ndi pamene mutu wanga umaima mpaka lero. Munthu wothawa banja sagulira mkazi wake chovala choti apitire limodzi.

Mayi anga anali asanavalepo thalauza chibadwire. Kwathu lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza linali litangochotsedwa kumene, ndipo iwo ankati lachotsedwera ena. Ngakhale kuzizire bwanji ankavala diresi, masokosi aatali, chikhothi, ndi chitenje pamwamba. Anapinda chovala chija, anathokoza, n'kukachiika pamwamba pa kabati.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu anandiitanira kuchipinda. Ndinawapeza atachivala mpaka m'chiuno, manja a chovala akulendewera. "Tandikokera ichi," anatero. Ndinawathandiza kulowetsa mikono, ndinakoka zipi mpaka pachibwano. Chinkalira kuti fwa, fwa akamasuntha. Anaima pagalasi la kabati nthawi yaitali. Anatembenuka, anadziyang'ana kumbuyo. Anapinda mawondo pang'ono, monga ndinawasonyezera tsiku lija, ndipo pakamwa pawo panagwedera ngati afuna kuseka. Kenako anatenga chitenje pabedi, anamanga m'chiuno pamwamba pa pinki uja, anadziyang'ananso. "Usawauze bambo ako," anatero. Sindinawauze. Koma ndinkagona ndikudzifunsa kuti nanga ngati akuchifuna, akubisiranji, ndipo ngati sakuchifuna, anapindiranji mawondo.

Ine ndinali nditayamba kale kuphunzira. Loweruka lililonse mphunzitsi uja ankandimanga timatabwa tatifupi, n'kundiuza kuti nsonga ndiziphatikize kutsogolo ngati denga la nyumba. Tsiku loyamba kutsika kuchokera pamwamba, bambo anatsogola chobwerera m'mbuyo atandigwira manja, kenako anandisiya osandiuza. Mphepo inalowa m'makutu, maso anadzaza misozi, mafakitale ndi njanji zinkabwera kwa ine, pansi pakulira shwaa. Sindinamvepo chinthu chokoma chotero, ndipo ndinena zoona, sindinachimvenso. Kunyumba mayi akandifunsa kuti kunali bwanji, ndinkangoti "fine," n'kuthawira kumwamba. Ndinkaona ngati ndadya chinthu chabwino kwa eni, pamene kwathu agona ndi njala.

Za ulendo wa ku Scotland mayi sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi. Bambo ankafunsa, iwo ankati tiona. Sinowo anagwa kamodzi mu Januwale, pang'ono chabe, pofika masana anali atasanduka matope akuda m'mbali mwa msewu. Mayi anamuponda popita kuntchito, n'kubwera akunena kuti ngati chinthu chake ndi chimenechi, anthu aja ndi odwala.

Tsiku la ulendo linali Loweruka m'mawa, kukuzizira koti mpweya unkaoneka. Bambo anatsogola ndi matabwa awo kuti akathandize kumanga katundu, atatiuza nthawi yonyamukira. Sanafunsenso. Atangotseka chitseko, mayi anatsika masitepe atavala chovala chapinki chija, chitenje m'chiuno, duku kumutu, chikwama chachikulu paphewa. M'manja anali ndi poto wa nkhuku yokazinga atamukulunga m'thawulo. Anati ndivale msanga. M'basi anthu ankatiyang'ana, koma mayi anakhala mowongoka, poto pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo.

Minibasi inaima pansi pa phiri la maburashi, matabwa atamangidwa padenga ngati mitolo ya nzimbe. Bambo anali pamwamba akukoka chingwe. Atationa anasiya chingwe, anatsika, anaima osadziwa poika manja. Anthu a gulu lija anaomba m'manja. Gogo wa imvi uja anabwera n'kuwakumbatira mayi. Mayi anapereka moni kwa aliyense, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, akupinda mawondo mwaulemu, ndipo mphunzitsi uja anaseka n'kunena kuti awa aphunzira msanga. Ine ndinali nditasankha kale mpando wapawindo.

Katundu wathu asanakwezedwe, bambo wadazi wosita matabwa uja anabwera ndi nkhani. Analankhula mokweza, akumenya bambo pamsana, anthu ena akuvomereza. Bambo anayankha akuseka. Chingerezi cha mayi chinali cha kuntchito, cha ndowa ndi makiyi, ndipo cha anthu a ku Birmingham akamathamanga nacho sankachigwira. Anandikoka mkono monga ankachitira kuchipatala ndi kupositi.

"Akuti chiyani?"

Ndinamasulira mokondwa, chifukwa inali nkhani yabwino. Ndinati akuti ku Scotland n'kongoyambira, chaka chamawa gulu lonse lipita ku France, kumapiri aakulu. Ndinati afunsa bambo ngati awalembe, ndipo bambo ati awalembe, sangaphonye.

"Chaka chamawa," anatero mayi.

Ndinati inde, Febuluwale ngati yemweyu.

Sanakweze mawu. Anapita kwa bambo, anawapatsira poto uja ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Mudye ndi anzanu, isanazizire." Bambo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona kuseka kukuchoka pankhope pawo. Anayamba kunena kuti amangoyankha, kuti ndi mmene anthu amalankhulira. Mayi anakweza chikwama paphewa, anandigwira dzanja, tinayamba kuyenda. Ndinalira, ndinakoka, ndinalankhula Chingerezi chonse chimene ndinali nacho. Pa mlatho wa ngalande ndinacheuka. Bambo anali ataima pomwe paja, poto m'manja, jekete lofiira, anthu atawazungulira patali pang'ono. Ndinkayembekeza kuti atithamangira. Mwina nawonso ankayembekeza kuti tibwerera. Tili pamalo okwerera basi, minibasi inatidutsa, matabwa ali padenga.

Kunyumba mayi anakhuthula chikwama pabedi. Munali majuzi anga, zovala zawo za mlungu wonse, misuwachi iwiri, mafuta odzola, ndi Baibulo. Anali atakonzeka kupita. Anandiuza kuti ndiwatsitsire zipi, ndipo ndinawatsitsira ndikusisima. Sindinawalankhule mpaka Lachiwiri. Ndinkadziwa kuti andilanda phiri, koma sindinkadziwa chifukwa chake. Ndinkabwereza mawu aja m'mutu, kufufuza ngati ndinamasulira molakwa. Sindinalakwitse liwu ndi limodzi lomwe. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amadziwa kuti chaka chamawa chimabwera pambuyo pa Juni, koma zinthu ziwirizi ndinkazisunga m'matumba osiyana. Ndinkakhulupirira kuti tipita kumudzi mwezi wa Julaye, ndinkakhulupiriranso kuti tipita ku France mwezi wa Febuluwale, ndipo sindinkaona pamene zikugundana.

Bambo anabwera patatha mlungu, milomo itang'ambika, poto atamutsuka. Anati mphepo inali yoopsa, masiku ena sanakwere n'komwe. Anandibweretsera chipewa chaubweya. Anafuna kundiuza mmene sinowo weniweni amamvekera pansi pa matabwa, anati salira ngati maburashi, amangokhala chete, koma mayi analowa ndi mbale ndipo nkhani inathera pakamwa. M'nyumba simunamveke mkangano. Ankapatsana moni, ankapemphera limodzi pachakudya. Mayi anamata madiramu ndi tepi, anthu anabwera ndi vani kudzawatenga, ndipo m'chipinda chodyera munatsala mabwalo awiri oyera pakapeti.

Tinanyamuka mu Julaye, ine ndi mayi. Bambo anati atsala pang'ono kuti amalize zolemba zawo, atipeza Khirisimasi isanafike. Pabwalo la ndege anandinyamula ngakhale ndinali wamkulu. Khirisimasi inafika, inadutsa. Bambo anapeza ntchito pa fakitale ina ku West Bromwich. Poyamba ankalemba makalata, ankatumiza ndi zithunzi, ali pamwamba pa phiri loyera, magalasi pamphumi. Mayi ankaziyang'ana, n'kundipatsa kuti ndisunge. Bambo sanakwatire mkazi wina, malume anatitsimikizira zimenezo, ndipo mayi sanakwatiwenso. Sanasudzulane. Bambo anabwera kawiri kudzaona maliro a abale awo, ankagona kwathu, mayi ankawaphikira, iwo n'kubwerera. Ine sukulu inandikanika titafika. Chichewa cholemba ndinali nditatsalira, Chingerezi changa anzanga ankachiseka, kenako mayi anayamba kudwaladwala, ndinalekera Sitandade 8.

Bambo anamwalirira konko, anaikidwa konko. Mayi ndawasamalira m'nyumba mwanga ku Kawale mpaka tsiku lawo. Zaka zonsezi sindinawamvepo akuwanyoza bambo, ndipo sindinawafunsepo ngati anadandaula kuti sanakwere minibasi ija. Ndinkati ndidzafunsa akadzapeza bwino. Pali masiku amene ndimati mayi anachita bwino, chifukwa akanakwera sitikanabwereranso kwathu. Pali masiku amene ndimati akanangoliona phirilo kamodzi, ndi chitenje chawo chomwecho. Sindinafike pogamula, ndipo sindikuona kuti ndidzafika.

Panopa ndimagulitsa kaunjika mumsika wa ku Lilongwe. M'mabelo a zovala zachisanu mumatuluka mathalauza onenepa a malamba, majekete owala, nthawi zina chovala chathunthu cha zipi yaitali. Anzanga amaziponya pamulu wa zotchipa, ine ndimazipachika bwino, chifukwa mwezi wa Juni anyamata a kabaza ndi alonda amazifuna. Akandifunsa kuti azungu amavala zimenezi pochita chiyani, ndimati pozizira. Ndimatsegula benchi sikisi koloko m'mawa, masiku onse kupatula Lamlungu.